Mmene mungalembere mbiri ya timu ya mpira ndi osewera ake kuchigwa cha Shire

Munthu amene anakulira ku Nchalo amadziwa kuti bwalo la Kalulu lakhala likulandira matimu akuluakulu a m'dziko muno kwa zaka zambiri, ndiponso kuti timu ya pamalopo, imene akuluakulu amaitchulabe kuti Sucoma pamene achinyamata anaidziwa ndi dzina la Illovo, inkasewera mu ligi yaikulu. Koma mukamufunsa munthu yemweyo kuti ankagwira pagolo anali ndani m'chaka chakutichakuti, kapena kuti timuyo inathera pa nambala yanji, amayamba wakanda m'mutu, kenaka n'kukutumizani kwa mkulu wina wa ku Ngabu kapena ku Dyeratu amene mwina anasamuka kalekale. Mbiri ya mpira wa kuchigwa kuno yatsalira m'mitu ya anthu ndi m'zithunzi zochepa zimene zinapulumuka ku chiswe ndi madzi osefukira. Amene akufuna kuilemba ayenera kudziwa poyambira, anthu oyenera kuwafunsa, komanso njira yolekanitsira zimene zinachitikadi ndi zimene zinakometsedwa pamacheza. Njira imene ndikufotokoza pano ingathandize kaya mukulemba za timu ya kwanu konkuno, kaya za timu yaikulu ya ku Blantyre imene mumachemerera muli ku Bangula kapena ku Nsanje.

Yambani ndi dzina la timu

Palibe chimene chimasocheretsa wolemba mbiri ya mpira wa ku Malawi kuposa dzina la timu, chifukwa kuno dzina limatsatira amene akuthandiza timu ndi ndalama. Timu imene inakhazikitsidwa mu 1967 ndi osewera ochokera ku Wanderers yakhala ikutchedwa Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Big Bullets, Nyasa Big Bullets, ndipo kuyambira mu 2023 inayamba kutchedwa FCB Nyasa Big Bullets, koma kwa ochemerera ake ndi Maule omwe aja. Nayo Wanderers, imene inayamba mu 1962, yadutsa m'maina a Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru, koma Manoma sanasinthe. Choncho tsamba loyamba la kope lanu likhale la maina onse a timu, olembedwa motsatana, ndipo pambali pa dzina lililonse musiye malo a chaka chimene linayamba kugwiritsidwa ntchito ndi chimene linasiyidwa.

Za timu ya ku Nchalo, kumbukirani kuti dzina loti Sucoma ndi chidule cha Sugar Corporation of Malawi, kampani ya shuga imene Illovo inagula kwa Lonrho mu 1997, ndipo kampaniyo inayamba kutchedwa Illovo Sugar Malawi mu 2004. Zaka ziwirizi ndi za kampani. Musafulumire kuzilemba ngati zaka zimene timu ya mpira inasintha dzina musanaone dzinalo pa ndandanda wa ligi wa chaka chimenecho. Msampha wina wofanana nawo ndi wakuti matimu awiri akasewerera bwalo limodzi, anthu amawasandutsa timu imodzi. Nchalo United inasewera mu ligi yaikulu mu 2018 n'kutuluka pakutha pa chaka chomwecho, ndipo wolemba wosamala ayenera kufunsa bwino amene anayendetsapo timuyo kuti panali ubale wotani pakati pa iyo ndi matimu amene anaitsogolera pa Kalulu. Mafunso othandiza pa nkhani yotere ndi akuti: kodi timu inalembetsedwa mwatsopano ku bungwe loyendetsa mpira kapena inangosintha dzina, kodi osewera ndi akuluakulu a komiti anapitirira omwewo, nanga malo a timu mu ligi anatengedwa ndi ndani? Mayankho a mafunso atatuwa ndi amene amasonyeza ngati muli ndi mbiri imodzi kapena ziwiri.

Msana wa mbiri ndi zaka

Mukathana ndi maina, gulani kope lalikulu lachikuto cholimba ndipo chaka chilichonse cha mpira muchipatse masamba ake awiri, ngakhale chaka chimene simunapezebe kanthu kolemba. Tsamba lakumanzere likhale la timu: ligi imene inkasewera, nambala imene inathera, mphunzitsi, kaputeni, wapampando, bwalo ndi zikho zimene inapikisanamo. Lakumanja likhale la osewera a chaka chimenecho. Masamba opanda kanthu asakukhumudwitseni, pakuti ndi omwewo amene adzakuuzani choti mukafunse mukadzapita kwa mkulu wotsatira.

Polemba zaka pali zinthu zingapo zoti musamale nazo. Ligi yaikulu ya dziko lonse inayamba mu 1986, ndipo oyamba kuipambana anali Bata Bullets. Choncho wina akakuuzani kuti timu yake inatenga Super League cha m'ma 1970, dziwani kuti akunena za mpikisano wina, ndipo mumufunse modekha kuti unali uti. Chaka cha mpira sichimagwirizana nthawi zonse ndi chaka cha pa kalendala: chifukwa cha mliri wa Covid-19, ligi ya 2020 inayamba kumapeto kwa chakacho n'kutha mu 2021, ndipo imalembedwa kuti 2020/21. Momwemonso mpikisano wa maiko a mu Africa umene umatchedwa wa 2021, kumene Gabadinho Mhango anamwetsa chigoli chakutali chija Flames ikusewera ndi Morocco, unachitika mu Januwale 2022 ku Cameroon. Zikho nazo zasintha maina kambirimbiri, kuchokera ku Kamuzu Cup, Chibuku Cup ndi Press Cup za makedzana, kudzera ku Carlsberg Cup ndi Standard Bank Cup, kufika ku Airtel Top 8, FDH Bank Cup ndi Castel Challenge Cup. Mawu oti «tinatenga chikho» asalowe m'kope lanu popanda dzina la chikhocho, chaka chake, timu imene inagonja mu ndime yotsiriza ndi bwalo limene anasewerera.

Ndandanda wa ligi ukapezeka, uyeseni ndi masamu musanaukhulupirire. Mu ligi ya matimu 16, momwe aliyense amakumana ndi mnzake kawiri, timu imasewera masewero 30, ndipo masewero opambana, ofanana mphamvu ndi ogonja akaphatikizidwa ayenera kukwana 30. Mapointi apezeke pochulukitsa masewero opambana ndi 3 n'kuonjezera ofanana mphamvu. Zikapanda kugwirizana, mwina wosindikiza analakwitsa, mwina ndandandawo unatuluka ligi isanathe, kapena timu inalandidwa mapointi pa mlandu wina, ndipo chimenechonso ndi mbali ya mbiri. Musathamangire kukonza ndandanda wakale kwambiri, chifukwa kale m'maiko ambiri wopambana ankalandira mapointi awiri okha.

Kucheza ndi amene anasewera

Gawo ili ndi limene lili ndi phindu lalikulu, ndipo ndi limenenso siliyenera kuchedwetsedwa, popeza anthu amene anasewera zaka za m'ma 1980 ndi 1990 tsopano ndi achikulire. Musayambire kwa womwetsa zigoli wotchuka uja, amene nkhani zake aliyense anazimva kale. Yambirani kwa amene ankasunga kaundula wa timu, amene ankachapa ndi kusunga mayunifomu, dalaivala amene ankakwera ndi timu zitunda za Thabwa popita ku Blantyre, ndi woyimbira mpira wopuma. Anthu otere sadzitama kawirikawiri chifukwa alibe chigoli choti atetezere, ndipo amakumbukira maina a osewera amene ankakhala pabenchi, omwe ochemerera anawaiwala kale. Musaiwalenso amayi a pakhomo. Nthawi zambiri zithunzi, mamendulo ndi makalata a wosewera zimasungidwa ndi mkazi wake kapena mlongo wake, ndipo iwowa amadziwa chaka chenicheni chimene banja linasamukira ku Nchalo kapena kuchokako, chifukwa amachilumikiza ndi kubadwa kwa mwana.

Tumizani uthenga musanapite, ndipo ngati mukulowa m'mudzi umene simudziwika, dzerani kwa a nyakwawa kuti mufotokoze chimene mwadzera. Nthawi yabwino yocheza kuno ndi m'mawa kapena dzuwa litapendeka, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kumafooketsa ngakhale wokonda kulankhula. Amene muyenera kukawaona kutsidya kwa Shire, monga ku Makhanga, Muona ndi Fatima, apiteni m'chilimwe misewu ikadali yodutsika. Pemphani chilolezo musanayatse chojambulira mawu cha pa foni, ndipo kumayambiriro kwa zojambulazo nenani tsiku, malo ndi dzina la amene mukucheza naye, kuti mawuwo asadzakhale amasiye patapita zaka.

Kafunsidwe ndi kamene kamasiyanitsa wolemba wabwino ndi wongotola nthano. Funso loti «Bambo, tatiuzani mbiri ya timu yanu» limabala nkhani yokonzedwa kale, imene mkuluyo wainena maulendo ambirimbiri ndipo ulendo uliwonse zigoli zimaonjezekera. Funsani zazing'ono ndi zogwirika, monga kuti: «Bambo, tsiku limene munasewera ndi Bullets pa Kalulu, kumbuyo munatchinga ndi ndani, nanga amene anakupatsirani mpira uja anali wochokera kuti?» Akuluakulu ambiri sakumbukira chaka ndi nambala yake, koma amakumbukira zimene zinachitika nthawi imodzimodziyo, ndipo inu muwathandize ndi zikhomo zodziwika: kodi riferendamu ya 1993 inali itachitika, kodi inali nthawi ya njala ya 2002, kodi Flames inali itapita kale ku Angola mu 2010 kumene inagonjetsa Algeria 3-0, kodi madzi a mu Januwale 2015 anali asanasefukire? Mayankho awiri kapena atatu otere amapanikiza chaka mpaka chitapezeka. Ambiri kuno akafika pokoma pa nkhani amatembenukira ku Chisena kapena Chimang'anja chenicheni. Asiyeni alankhule momwemo, ndipo mawu awo ofunika muwalembe monga anawanenera, makamaka nyimbo za ochemerera ndi maina achipongwe amene ankapatsa matimu obwera, chifukwa zimenezi zikamasuliridwa zimasukuluka.

Lamulo limene ine sindiliphwanya ndi lakuti nkhani iliyonse ya chigoli, chikho kapena kusamuka kwa wosewera iyenera kuchokera kwa anthu awiri amene sanakhale pamodzi pamene ndinkawafunsa, kapena kwa munthu mmodzi ndi pepala limodzi. Anzawo akale akakhala pagulu amavomerezana pofuna kulemekezana, ndipo wamng'ono satsutsa amene anali kaputeni wake ngakhale papite zaka makumi atatu. Chezani nawo mmodzimmodzi poyamba, kenaka muwasonkhanitse pamapeto.

Tsamba la wosewera aliyense

Wosewera aliyense akhale ndi tsamba lake m'kope lachiwiri. Lembanipo dzina lake lonse monga lilili pa chiphaso, kenaka dzina la pabwalo, chifukwa mpira wathu umadziwa anthu ndi maina opatsidwa: Jack Chamangwana anali Africa, Lawrence Waya anali Lule, Yasin Osman anali Titch, Esau Kanyenda anatchuka ndi dzina la Black Mamba, ndipo Gabadinho dzina lake lenileni ndi Hellings Frank Mhango. Kumudzi vutoli limakula, pakuti mungapeze anthu khumi okumbukira bwino lomwe mnyamata wina waliwiro amene ankamutchula dzina la wosewera wa ku Brazil, koma osapezeka ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina la bambo ake. Samalaninso ndi maina obwerezedwa m'banja: Young Chimodzi wa Silver Strikers ali ndi mwana wake wa dzina lomwelo amene anaseweranso mu timu yomweyo, ndipo wolemba wosasamala angapatse munthu mmodzi zaka za anthu awiri.

Pansi pa dzina palembedwe malo amene ankasewera, kaya pagolo, kumbuyo, pakati kapena kutsogolo, phazi limene ankadalira, timu kapena sukulu imene anachokera, chaka chimene anafika, chimene anachoka ndi kumene analowera. Mbali ya kumene anachokera ndi kumene anapita ndi imene imalumikiza timu yanu ndi mpira wa dziko lonse. Kanyenda anachoka ku timu ya ku Dwangwa, kumunda wina wa nzimbe ku Nkhotakota, n'kupita ku Jomo Cosmos ku South Africa, kenaka ku Rostov ndi Lokomotiv Moscow ku Russia, ndipo ulendo wotere umapatsa ulemu timu imene inamulera ngakhale timuyo isanatengepo ligi. Mbiri ya Kinnah Phiri imaphunzitsanso kusamala ndi maina a matimu: anatchuka ku Bata Bullets, anamwetsera Flames zigoli 71, kenaka anakasewera ku Manzini Wanderers ya ku Swaziland, dziko limene tsopano ndi Eswatini. Amene angangolemba kuti «anapita ku Wanderers» angayambitse mkangano waukulu pakati pa Maule ndi Manoma pa chinthu chimene sichinachitike. Kinnah yemweyo amapezekanso kawiri m'mbiri ya Bullets, popeza ndiye anali mphunzitsi pamene Bakili Bullets inatulutsa Orlando Pirates n'kufika mu ndime ya m'magulu ya CAF Champions League mu 2004, kumene inakumana ndi Enyimba, Étoile du Sahel ndi Africa Sports. Wosewera amene anadzakhala mphunzitsi muzimulemba malo onse awiri, koma tsamba lake likhale limodzi.

Pa matimu a makampani ndi a nthambi za boma, monga analili a Sucoma, Dwangwa, ADMARC Tigers ndi ESCOM United, funsaninso ntchito imene wosewera ankagwira, chifukwa ambiri ankakopeka ndi ntchito ndi nyumba kuposa ndalama ya mpira weniweniwo. Mukadziwa zimenezi mudzamvetsa chifukwa chake wosewera waluso anakana kupita ku timu yaikulu ya m'tauni, komanso chifukwa chake timu imafooka msanga kampani ikachepetsa thandizo. Koma za malipiro, ngongole, matenda, mabanja ndi mphekesera za mankhwala a mpira musalembe popanda chilolezo cha mwini wake kapena abale ake, ndipo manambala a foni ndi malo okhala a anthu asatuluke m'kope lanu.

Zithunzi ndi mapepala

Chithunzi cha timu musachibwereke kupita nacho kwanu, ngakhale mwini wake atakukhulupirirani. Chijambuleni ndi foni pomwepo, panja pamthunzi kuti chisanyezimire, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, popeza kumbuyo n'kumene kumakhala tsiku kapena chidindo cha wojambula. Kenaka mwini chithunzi akutchulireni anthu onse mwadongosolo, oimirira kuyambira kumanzere, kenaka onjuta, inu mukulemba. Dzina la kampani lolembedwa pachifuwa pa yunifomu limathandiza kupeza chaka.

Za mapepala, manyuzipepala akale monga Daily Times, Malawi News, Boma Lathu ndi The Nation, imene inayamba mu 1993, ndiwo mboni zodalirika za zotsatira ndi masiku, ndipo malo oyamba kukawafunafuna ndi ku National Archives of Malawi ku Zomba. Ulendo wochoka ku Nsanje kapena ku Chikwawa kukafika ku Zomba ndi wodula, choncho musanyamuke musanalembe mndandanda wa zaka ndi miyezi imene mukufuna, ndipo mukafika muyambire manyuzipepala a Lolemba ndi Lachiwiri, amene amanyamula zotsatira za kumapeto kwa sabata. Lemberaninso kalata ku FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, ku Chiwembe, ku SULOM imene imayendetsa ligi yaikulu, ndi ku bungwe la mpira la chigawo cha kummwera, kupempha kuona kaundula wa osewera ndi ndandanda wa zaka zimene mukufufuza. Zimene mwapeza pa intaneti ndi pa Facebook muzitenge ngati kalozera chabe, chifukwa cholakwika chimodzi chimakopedwa ndi masamba khumi mpaka kuoneka ngati choona. Dziwaninso kuti atolankhani ambiri ankalemba ali ku Blantyre, motero masewero a kuchigwa ankapatsidwa mizere yochepa ndipo maina a Chisena ankalembedwa molakwika. Apa mawu a mwini dzina ndi amene apambane.

Nyuzipepala ndi mkulu akasemphana pa tsiku kapena pa zigoli, tsatirani nyuzipepala, koma akasemphana pa chifukwa chimene mphunzitsi anachokera kapena mmene timu inathera, lembani mbali zonse ziwiri ndi kutchula amene ananena chilichonse.

Kulemba ndi kusunga

Polemba mbiri yeniyeniyo musangondandalika chaka ndi chaka ngati kaundula, koma gawani nkhani potsata nyengo zimene timu inasinthadi: kukhazikitsidwa kwake, kulowa mu ligi yaikulu, zaka za mphamvu, kusintha kwa othandiza, kutuluka mu ligi ndi zimene zinatsatira. Mbiri ya Bullets, mwachitsanzo, imagawika yokha pa zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana zimene inatenga ligi kuyambira 1999 mpaka 2005, ndi pa nyengo ya mphunzitsi Kalisto Pasuwa imene inafika pachimake mu 2023 timuyo itatenga ligi pamodzi ndi zikho zitatu. Timu ya kuchigwa singakhale ndi zikho zochuluka chotere, ndipo palibe chifukwa choikometsera. Chaka chimene inapulumuka pa sewero lomaliza, kapena tsiku limene inagonjetsa timu yaikulu pakhomo dzuwa likuswa mtengo, ndi nkhani yokwanira mutu wathunthu ngati mwaipezera mboni. Zaka za kugwa muzilembe mosamala chimodzimodzi, popanda kuloza chala munthu amene simunamve mbali yake.

Kusunga n'kofunika kuno kuposa kwina kulikonse. Kope langa loyamba, limene munali zokambirana ndi akuluakulu angapo amene ena a iwo anatisiya, linanyowa n'kumatana pa madzi a 2015 chifukwa ndinkalisunga m'katoni pansi pa bedi. Kuchokera pamenepo chigwa chino chaona namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Makope azikhala m'mapepala apulasitiki, m'chidebe chotseka bwino, pamalo okwera ndi otalikirana ndi khoma la dothi kumene chiswe chimadzera. Tsamba lililonse mukangolidzaza lijambuleni, ndipo zithunzi ndi mawu ojambulidwa muzitumize ku imelo yanu komanso kwa m'bale wodalirika amene amakhala kumtunda, monga ku Blantyre kapena ku Thyolo.

Musanafalitse chilichonse, itanani osewera akale, akuluakulu a komiti ndi ochemerera achikulire kuti mukhale pansi Loweruka lina masana, muwawerengere mutu ndi mutu mokweza mawu, wina akulemba zimene akutsutsa. Chokonzedwa chilichonse chilembedwe ndi inki yamtundu wina m'mphepete mwa tsamba, pamodzi ndi tsiku ndi dzina la amene wakonza, ndipo mawu akale asafufutidwe. Mabanja amene anakupatsani zithunzi alandire kope lawo la mutu umene ukunena za m'bale wawo, ndipo kope limodzi lathunthu mukalisiye ku laibulale ya sukulu ya sekondale yapafupi ndi bwalo limene timuyo inkasewerera.